Khoswe Wopanda Mchira

"Mwayamwitsa! Musakane, mayi, mwayamwitsa musanabwere kuno!"

A Pulofesa ananena izi ataima pakhomo la chipinda cha makoswe, chala chitaloza pachifuwa cha Nabulashi ngati apezerera mbala katundu ali m'manja. Nabulashi n'kuti akuvala zogwirira ntchito, golovesi imodzi ili kudzanja, inzake atailuma ndi mano.

"Ee, ndayamwitsa," anatero atalavula golovesiyo. "Mwana ndi wanga, bere ndi langa. Pali china?"

"Ndiye mukuvomera."

"Ndikanirenji, bwana? Ndaba la munthu?"

"Tabwerani muone zimene mwachita."

Dzina loti Nabulashi anam'patsa ndi anzake a pantchito, ndipo linachokera pa ntchito yakeyo. Pa labotale imeneyi ankafufuza ubongo wa ana a makoswe. Khoswe akaswa amanyambita ana ake, ndiye a Pulofesa ankakhulupirira kuti lilime la make limadzutsa jini linalake mu ubongo wa kamwanako. Majini, monga ankafotokozera alendo, ndi timalangizo timene chamoyo chimabadwa nato. Ena amakhala maso, ena ali m'tulo. Jini limeneli likadzuka, ati khosweyo amakula wodekha, wosadzidzimuka ndi chilichonse. Koma makoswe sanyambita mofanana. Wina ndi wakhama, wina ndi mlesi, wina amangokonda mwana mmodzi ena n'kumangoonerera. Sayansi mayi wotere siimufuna. Choncho m'mawa uliwonse tianato ankatichotsa kwa amayi awo kwa kanthawi n'kutipereka kwa mayi wodalirika, wolembedwa ntchito, wosachedwa: mayi wa bulashi.

Ankaviika kabulashi kofewa m'madzi ofunda n'kumasisita kakhoswe kamodzikamodzi, kofiira psuu, kopanda ubweya, kosatsegula n'komwe maso, kuyambira pakhosi mpaka poyambira mchira. Pathebulo panali kachitsulo kolira tha! tha! tha! ndipo dzanja linkayenera kutsatira kulirako. Ukafulumira, wawononga. Ukaimbako kanyimbo, wawononga. Ukakonda kena kuposa anzake, ndiye wapha kafukufuku yense. Tianato tikakulako pang'ono ankatidula mitu, ubongo n'kuuphwanyira m'machubu, makina n'kunena ngati jini lija ladzuka. Mbali imeneyi sinali ya Nabulashi. Iye yake inali chikondi basi, cha pa muyeso.

Pakompyuta ya a Pulofesa panali mizere iwiri ya timadontho. Wam'mwamba unali wozilala ngati makala a dzulo. Wam'munsi unkawala ngati nyali za galimoto.

"Am'mwambawa ndi ana amene munasisita muli ndi pakati. Am'munsiwa ndi amene mwasisita chibwerereni kutchuthi cha uchembere."

"Aa, ndiye lawala bwino. Si zomwe mumafuna zimenezi?"

"Ndimafuna liwale ndi bulashi, osati ndi mkaka!" A Pulofesa anamenya thebulo, machubu n'kugwedezeka. "Tianati tili ndi mphuno, mayi. Tikumva fungo la mkaka pa inu. Tikuganiza kuti ndinu mayi weniweni."

"Nanga ndine chiyani?"

"Ndinu chipangizo. Chipangizo chabwino kwambiri, sindikubisirani. Koma chayamba kudontha."

Nabulashi anali munthu woti mkwiyo wake suodira, umangolowa. Koma anakumbukira kuti kunyumba kuli mwamuna wopaka penti, ndipo nyengo yamvula palibe amapentetsa nyumba.

"Ndiye nditani?"

"Mwanayo muletseni kuyamwa. Muume."

"Bwana, ndi wakhanda. Khosi silinalimbe n'komwe."

"Ndiye bwino, sanazolowere."

"Bwanji mupeze wina azisisita?"

A Pulofesa anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Dzanja lanu lili kale m'kafukufuku. Tinaliyeza. Kusintha dzanja pakatikati n'kuyambiranso zonse pachiyambi. Mukakana kuuma tiyambiranso ndithu, koma ndi dzanja lina, la munthu wouma. Inu geti mukulidziwa."

Kunyumba Nabulashi anapeza mwamuna wake, bambo a Chibakera, atakhala pachitini cha penti, mwana ali pamiyendo. Mwanayo anatchedwa Chibakera chifukwa anatuluka m'mimba atakunga nkhonya, ngati anamva kale mbiri ya kunja kuno. Chipinda chawo chinali chimodzi, koma khoma lililonse linali ndi mtundu wake, zotsalira za nyumba za mabwana osiyanasiyana.

Bamboyo anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu. Anali munthu wabwino, wosakwiya msanga, amene vuto lililonse ankaliona ngati khoma lothimbirira: ukalipaka kawiri limabisika.

"Amake Chibakera, vuto si mkaka ayi. Vuto ndi fungo. Ndiye fungo timaphimba."

M'mawa mwake anamuwaza pamalaya mafuta osungunulira penti. Nabulashi atangoyandikira thebulo lake, tiana tonse tinagwa chagada, timiyendo m'mwamba, zii. Tinatsitsimuka mawindo atatsegulidwa. A Pulofesa anatijambula kaye chithunzi mwachidwi, kenako n'kuyamba kukalipa.

Nabulashi anayesa sopo wa mitundu yonse. Anayesa kudzikulunga pachifuwa ndi pepala la pulasitiki mpaka kupuma kumavuta. Sizinathandize. Mkaka ulibe ulemu. M'basi mwana wa munthu wina akangolira kumpando wakumbuyo, wake unkayankha kutsogolo. Akafika pageti ankapeza a Pulofesa akudikira kale, mphuno ili m'mwamba ngati galu wa apolisi. Ankamuzungulira, kununkhiza, n'kupukusa mutu.

Ndiye Nabulashi anagonja, n'kugula botolo. Chibakera analiyang'ana, analinunkhiza, n'kulimenya nkhonya mpaka linakagwera kunsi kwa bedi. Analira mpaka mawu kusasa. Oyandikana nawo nyumba anayamba kugogoda khoma. Nabulashi anakhala pakona atafulatira, mawere atatupa gwa ngati miyala, akukukuta mano kuti asatembenuke. Atamva kuti kwangoti zii anacheuka. Anapeza bambo a mwana atamugoneka chafufumimba pabedi, akumusisita kumsana ndi chibulashi chopakira makoma, pakamwa akuti tha! tha! tha!

"Mukutani?"

"Si mmene mumachitira kuntchito? Ngati zimagwira pa makoswe..."

"Mwana wanga si khoma!"

"Komatu watonthola."

Anali atatontholadi, koma chifukwa chodabwa. Atapumula anayambiranso, mokweza kuposa poyamba. Nabulashi analanda chibulashicho n'kuchiponya pawindo. Kunja wina anatukwana.

Kuyambira pamenepo ankamuyamwitsa kamodzi kokha akaweruka, mothamanga ngati akuba, kenako n'kusamba mpaka khungu kuwawa. Tsiku lonse mwanayo ankaswera ndi njala, botolo akulikanabe. Masaya anayamba kuphwa. Kulira kwake kunasanduka kwa kamphaka. Kenako liwombo linayamba kulowa m'kati, ndipo Nabulashi akaliyang'ana mtima unkamuduka.

Anapita kwa mkulu woona za antchito, bambo waulemu kwambiri amene ankadya mabisiketi obisa m'dirowa. Bamboyo anati pepani, madandaulo a anthu amapita ku komiti ya madandaulo a anthu. Komitiyo ili kuti? Ilipo, koma siinakumanepo, chifukwa m'chipinda chake anaunjikamo matumba a chakudya cha makoswe. Nanga matumbawo sangachotsedwe? Angachotsedwe ndithu, komiti ikakumana n'kuvomereza. Anamupatsa bisiketi imodzi n'kumuperekeza pakhomo.

Chimene chinamutsegula maso chinachitika m'chipinda cha makoswe momwemo. Kunabwera dokotala wa ziweto, chimunthu chachikulu cha mawu ofewa, Wapampando wa Komiti Yoteteza Nyama za Kafukufuku. Komiti imeneyi ndiye inkakumana, ndipo a Pulofesa ankaiopa kuposa imfa, chifukwa ikangoti tsekani, labotale inkatsekedwa. Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Makoswe a pamalo pano anakhala pa komiti. A Wapampando ankayenda khola ndi khola, kukhudza utuchi kuti aone ngati ndi wouma, kulawa madzi, kupereka moni. Atafika pakhola lina anaima. Munali khoswe wamkazi akungozungulirazungulira, ana ake akadali pathebulo la Nabulashi.

"Mayi awa ana awo ali kuti?"

"Akusisitidwa, a Wapampando. Tachedwa pang'ono lero."

"Pang'ono?" Mawu ofewa aja anathawa. "Mayi woyamwitsa sasiyanitsidwa ndi ana ake kupitirira muyeso! Mawere amatupa! Amawawa! Munatupapo mawere inu, a Pulofesa? Ana abwezedwe pompano. Mayiwa apatsidwe utuchi watsopano, ndipo pasapezeke wowasokosera. Mupepese."

A Pulofesa anawerama pakholapo n'kupepesa.

Nabulashi anangoima poteropo, bulashi ili m'manja, pulasitiki ikumufinya, chifuwa chikugunda ngati chithupsa. Anayang'ana khosweyo atagona cham'mbali, tiana titamuunjikira kumawere, iye maso atatseka ndi mtendere. M'moyo mwake anasilirapo nsapato za anzake. Anasilirapo nyumba, anasilirapo tsitsi. Khoswe anali asanamusilirepo.

Tsiku la msonkhano wa komitiyo analowa osaodira, Chibakera ali m'manja, bambo a mwana ali pambuyo ndi chikwama cha matewera. Pathebulo lalitali panali a Wapampando, a Pulofesa, ndi mlembi, kamunthu kowonda ka magalasi kamene kanaloweza malamulo onse pamtima.

"Ndabwera kudzalembetsa," anatero Nabulashi.

"Kulembetsa chiyani, mayi?" anafunsa a Wapampando.

"Ukhoswe. Mundilembe kuti ndine khoswe wamkazi woyamwitsa. Mwana ndi uyu, mmodzi yekha, pepani ndinaswa pang'ono. Ndikufuna zomwe munapatsa mnzanga uja. Utuchi musavutike nawo."

Palibe anaseka. A Wapampando anapinda manja n'kuyamba kuganiza, chifukwa anali munthu wosanyoza pempho la nyama iliyonse.

"Mumakhala m'labotale muno?"

"Kuposa kwathu."

"Mumadya chiyani?"

"Zimene zapezeka."

"Khoswe ndithu," anatero bambo a Chibakera pofuna kuthandiza. "Akagona amakukutanso mano."

"Inu khalani chete."

"Mukapanikizika," anapitiriza a Wapampando, "mumadya ana anu?"

"Ayi. Koma bwana wanga ndikhoza."

Mlembi anafunsa ngati yankholi alilembe. A Wapampando anati alembe mbali yoyamba yokha. Mlembiyo analemba, kenako n'kukweza chala.

"Pali vuto, a Wapampando. Nyama iliyonse yolembedwa imaikidwa nambala ya inki pamchira. Mayiwa mchira ali nawo?"

Maso onse anazungulira kumbuyo kwa Nabulashi.

"Amene ayang'anenso kumeneko aona zakuda," anatero Nabulashi.

"Alibe," anachitira umboni bambo a Chibakera. "Ine ndikudziwa. Koma ngati nkhani ndi nambala, penti ndili naye. Ndikhoza kuwalemba pamsana, yooneka patali."

"Lamulo limati pamchira."

"Nanga khoswe amene mchira unaduka amatani?" anafunsa a Wapampando.

"Amalembedwa pamene unadukirapo."

"Ndiye pafunika umboni woti unalipo. Mayi, makolo anu ali moyo?"

Apa a Pulofesa anadzambatuka.

"Ndikutsutsa! Mayiwa akakhala khoswe, bulashi agwira ndani? Khoswe sagwira bulashi. Ndiye kuti tianato azitinyambita ndi lilime, ndipo lilime lawo sitinaliyeze!"

Anaima kaye. Maso awo anatsikira pa Chibakera, pamutu penipeni, pamene liwombo linkagunda pang'onopang'ono. Mawu awo anasintha, anayamba kukoma.

"Komabe... mayi akakhala khoswe, mwanayu ndi mwana wa khoswe. Woyamwa moperewera. Ubongo waukulu chonchi sitinaupezepo. Machubu angadzaze angati amenewa?"

"Ndinamusisitapo kale ndi bulashi," anatero bambo a Chibakera monyadira.

Nabulashi anawaponda chala ndi chidendene, n'kuphimba mutu wa mwana ndi chikhatho. "Tayesani."

"Akunena zoona a Pulofesa," anatero mlembi. "Nyama yolembedwa imatetezedwa mpaka tsiku lodula mutu. Patsikulo lamulo limangoti mpeni ukhale wakuthwa."

A Wapampando anakweza manja onse awiri. Anati nkhani zotere zimafuna nzeru, osati phuma. Anapereka ganizo loti mayiwa agawidwe. Dzanja lamanja, kuyambira paphewa, likhale la munthu, liziyang'aniridwa ndi a Pulofesa. Chifuwa chikhale cha khoswe, chiziyang'aniridwa ndi komiti. Miyendo ndi mutu zipite kwa mkulu woona za antchito. Mwana akhale kaye wopanda mbali. A Pulofesa anafunsa kuti nanga fungo likhala la ndani, poti limanyamuka kwa khoswe n'kukafika kudzanja la munthu. Mlembi anatseka maso, anafufuza m'mutu mwake, n'kunena kuti fungo silinatchulidwe m'malamulo, ndiye pafunika kakomiti kapadera ka fungo. Anayamba kusankhana maudindo, atatu omwewo. A Pulofesa ankafuna upampando. A Wapampando anati upampando saugawana.

Akukangana choncho, Chibakera anadzuka. Sanalire mokweza, mphamvu zoterozo zinali zitatha. Anangoyasamula kukamwa n'kumafufuza ndi kamutu pachikhothi choyera cha make, uku ndi uku, milomo itauma. Mkaka unayankha wokha. Unadutsa pulasitiki, unadutsa bulauzi, n'kujambula mawanga awiri pachikhothipo.

Nabulashi anamasula batani loyamba.

"Mayi, dikirani!" anatero a Wapampando. "Kuyamwitsako ndiye nkhani imene tikukambirana. Simungachite chinthu chimene komiti siinagamule."

"Mukangoyamwitsa, mwadzichotsa nokha ntchito," anatero a Pulofesa.

"Ndipo kuyamwitsa ngati khoswe musanalembedwe ndi chinyengo," anawonjezera mlembi.

"Amake Chibakera," ananong'ona bambo a mwana, "mwina tidikire kakomitiko..."

Anamasula lachiwiri. Analowetsa dzanja, lamanja lomwelo loyezedwa, n'kung'amba pulasitiki. Inatuluka yonyowa, ndipo anaiponya pathebulo pamaso pa mlembi. Anakoka mpando ndi phazi, anakhala pansi, n'kumuika mwana kubere. Ululu unamulasa mpaka kumsana, misozi n'kulengeza, koma sanaphethire. M'chipinda monse munangomveka kumeza kwa mwana basi.

"Wayamwa," anatero. "Akuyamwa. Tsopano ndiuzeni amene abwere kudzamuchotsa. Muli atatu, ophunzira nonse, manja muli nawo. A Wapampando, ndinu? Alembi, lamulo lanu likutchula ndani?"

Mlembi anayang'ana kudenga. A Wapampando anayang'ana mlembi. A Pulofesa anapeza chinachake chofunika kwambiri pansapato zawo.

"Muno sindituluka. Khoswe kapena munthu, sankhani nokha, ine zonse ndilola. Koma amene akuti mwana uyu aswere ndi njala anene ndi pakamwa pake, akundiyang'ana m'maso, mwanayu akumva. Ndani? A Pulofesa, nsapatozo sizikufunsani kanthu. Ndikufunsa ndine. Yankhani!"